Geoffrey Spicer-Simson: mkulu wa zombo amene maboti ake anadutsa mu Lusaka pa njanji

Ife a mu Zambia tilibe nyanja ya mcere, ndipo ambiri a ife amene tikhala ku Matero, ku George ndi ku Lilanda sitinaionepo sitima ya nkhondo ya pamadzi koma pa cithunzi cabe. Komabe mu Julaye caka ca 1915, maboti awiri a nkhondo a Angelezi anadutsa mu Lusaka muno atamangidwa pa ngolo za sitima ya pamtunda, pa njanji yomweyi imene ipita ku Kabwe ndi ku Migodi. Nthawi imeneyo Lusaka anali kamudzi ka masitolo owerengeka m'mbali mwa njanji, likulu la dziko linali ku Livingstone, ndipo Matero anali asanamangidwe. Amene anali kutsogolera ulendowo anali a Geoffrey Spicer-Simson, munthu amene analephera kangapo, anapatsidwa mwai wina, anapambana, kenaka anadzionongera yekha dzina.

A Spicer-Simson anabadwa pa 15 Januwale 1876 ku Hobart, pa cisumbu ca Tasmania kufupi ndi Australia. Analowa gulu la asilikali a pamadzi a ku Britain mu 1889 akali mnyamata. Nchito imene anaidziwa bwino inali yopima mitsinje ndi nyanja ndi kujambula mapu, kuti oyendetsa zombo adziwe pozama ndi pamene pali miyala. Kuyambira 1905 mpaka 1908 anapima mtsinje waukulu wa Yangtze ku China, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1914 anapima mtsinje wa Gambia kumadzulo kwa Africa. Anakwatira a Amy Baynes-Reed a ku Canada.

Koma akapatsidwa combo kuti aciyendetse, zinthu sizinali kuwayendera. Tsiku lina anakweza combo pa mcenga. Tsiku linanso anagunda boti laling'ono n'kulimiza. Milandu iwiri yonseyi inawafikitsa ku bwalo la asilikali. M'gulu la pamadzi munthu akwera kucokera pa lieutenant kupita pa lieutenant-commander, kenaka commander, captain, mpaka admiral amene alamulira zombo zambiri pamodzi. Anzawo a msinkhu umodzi anali kukwera, koma iwo anafika zaka 38 akali pa lieutenant-commander.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itayamba mu 1914, anapatsidwa kagulu ka zombo, kuphatikizapo HMS Niger, kuti alonde gombe la England. Pa 11 Novembala caka comweco, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi inamiza HMS Niger masanasana kufupi ndi tauni ya Deal. A Spicer-Simson sanalimo. Anali kumtunda mu hotela, akucereza akazi awo ndi alendo. Zitatero akuluakulu anawacotsa pa madzi n'kuwakhazika pa tebulo mu ofesi ku London, kulemba makalata. Aliyense anaganiza kuti za iwo zathera pomwepo.

Pamene izi zinali kucitika, kuno kwathu zinthu zinali zitabvuta pa nyanja ya Tanganyika. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 650. Kum'mawa kwake, kumene lero ndi Tanzania, kunali kulamulidwa ndi Ajeremani. Kumadzulo kunali Congo ya Abelijamu, ndipo kumwera kunali Northern Rhodesia, cigawo ca Mbala ndi Mpulungu. Misewu kunalibe, motero wokhala ndi zombo pa nyanja ndiye anali kunyamula asilikali ndi mfuti mwamsanga. Ajeremani anali ndi zombo ziwiri zokhala ndi mizinga, Hedwig von Wissmann ndi Kingani. Mu Ogasiti 1914 anaononga combo ca Abelijamu, mu Sepitembala asilikali awo anaukira boma la Abercorn, lomwe lero ndi Mbala, ndipo mu Novembala anamiza combo ca Angelezi ca Cecil Rhodes kumwera kwa nyanja. Nyanja yonse inakhala m'manja mwawo.

Mu Epulo 1915, mlenje wina wa nyama zazikulu dzina lake John Lee, amene anali kulidziwa bwino dera limeneli, anapita kwa Admiral Sir Henry Jackson ku London ndi nzeru yake. Anati atenge maboti ang'onoang'ono aliwiro, awanyamule pamtunda mpaka ku nyanja, akadzidzimutse Ajeremani. Akuluakulu anabvomera. Koma akuluakulu a zombo odalirika onse anali kale ku nkhondo. Wotsala anali uja wa pa tebulo. Motero a Spicer-Simson anasankhidwa, ndipo a Lee, eni nzeruyo, anaikidwa kukhala aciwiri awo.

Mabotiwo anali a matabwa, lililonse lotalika mamita 12, lokhala ndi kamzinga kutsogolo ndi mfuti ya ciwaya kumbuyo. A Spicer-Simson anafuna kuwacha maina a mphaka ndi galu m'Cingelezi, koma akuluakulu anakana. Ndiye anawacha Mimi ndi Toutou, omwe ndi maina amene ana a ku France aitanira mphaka ndi galu, ndipo maina amenewa anabvomerezedwa. Gulu la anthu 28 linanyamuka ku England mu Juni 1915, linatsikira ku Cape Town, n'kukwera sitima ya pamtunda kudzera ku Bulawayo, pa mlatho wa Victoria Falls, Lusaka ndi Broken Hill mpaka ku Elisabethville, komwe lero ndi Lubumbashi. Njanji inathera patsogolo pang'ono, pa Fungurume, kumayambiriro kwa Ogasiti.

Apa ndi pamene nchito yeniyeni inayambira. Kucokera pa Fungurume kukafika pa Sankisia panali makilomita oposa 200 a chire ndi mapiri a Mitumba. Mabotiwo anakokedwa ndi mathalakita awiri oyendera nkhuni ndi madzi, ng'ombe zapagoli, ndi anthu a m'midzi mazanamazana. Anthuwa analambula msewu, anadula mitengo, anamanga milatho yoposa 100 pa mitsinje ndi zigwa. Pa mapiri ena anali kukweza boti ndi zingwe pang'onopang'ono, tsiku lonse osayenda mtunda woti munthu n'kuwerenga. Alimi adziwa mmene Ogasiti ndi Sepitembala akhalira: mitsinje youma, fumbi ndi moto wa m'chire. Mathalakita aja anali kumwa madzi ambiri, ndipo madzi atasowa, amai a m'midzi ndi amene anasenza mitsuko pamutu kucokera kutali kuti makina asaime. Dokotala wa gululo, a Hanschell, anasamala kwambiri za madzi akumwa ndi malo ogona, kotero kuti palibe mmodzi mwa asilikaliwo amene anafa ndi matenda panjira.

A Lee anali atatsogola kukakonza njira imeneyi. Koma a Spicer-Simson anawaneneza kuti ndi cidakwa ndipo aulula zinsinsi, n'kuwacotsa pa nchito ulendo usanafike pakati. Munthu amene anabweretsa nzeru yonse sanaione nyanja pamodzi ndi anzake.

Kumapeto kwa Sepitembala anafika pa Sankisia. Anakwera kanjanji kakang'ono mpaka ku Bukama, anatsika ndi mtsinje wa Lualaba umene madzi ake anali ocepa mpaka ku Kabalo, kenaka njanji ina inawafikitsa ku Lukuga, kufupi ndi Kalemie wa lero, kumapeto kwa Okutobala. Kumeneko a Spicer-Simson anaonetsa nzeru zawo za kale. Anakana kuika maboti m'madzi kufikira atamanga doko la miyala lowachinjiriza ku mafunde. Ena anawayesa amantha, koma nyanja ya Tanganyika ikakalipa siisiya boti la matabwa pa gombe lopanda mthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 26 Disembala 1915, tsiku lotsatira Khirisimasi, Kingani inadutsa pafupi osadziwa kuti Angelezi afika. Mimi ndi Toutou anaithamangitsa cakumbuyo, kumene mzinga wake sunali kutha kuloza. M'kanthawi kocepa mkulu wake anaphedwa ndipo otsala anagonja. Comboco anacikonza n'kucipatsa dzina latsopano lakuti Fifi. Pa 9 Febuluwale 1916, Fifi ndi Mimi anathamangitsa Hedwig von Wissmann kwa maola angapo mpaka kuimiza. Uthenga unafika ku London. Munthu uja wa pa tebulo anatsimikizidwa pa udindo wa commander ndipo anapatsidwa mendulo ya DSO.

Kupambanaku kunawalowa m'mutu. Kale lomwe anali munthu wokonda kudzitama, wosimba nkhani za ulenje ndi za kulimba mtima kwake zimene anzake sanali kuzikhulupirira. Ku nyanjako anali kubvala siketi yofika m'mawondo imene akazi awo anawasokera, ndipo thupi lawo linali lodzala ndi zithunzi za njoka zodindidwa pa khungu, zimene anali kukonda kuonetsa posamba anthu akuona. Anthu a mtundu wa Aholoholo, amene anaonera nkhondozo ali pa mapiri, anayamba kuumba tizifanizo tawo ta dothi, cinthu cimene cinadandaulitsa ansembe a White Fathers a m'deralo. Ndi akuluakulu a Abelijamu, amene anali kumenya nawo nkhondo mbali imodzi, anali kukangana kawirikawiri.

Koma Ajeremani anali ndi combo cacitatu, cacikulu kuposa zonse, ca Graf von Götzen. Cinapangidwa ku Germany mu 1913, cinabwera m'mabokosi zidutswazidutswa, cinalumikizidwa ku Kigoma n'kulowa m'madzi mu 1915. Kutalika kwake kunali mamita pafupifupi 70. Tsiku lotsatira kumira kwa Hedwig, comboci cinaonekera cikufunafuna cinzake. Asilikali anapempha kuti akalimbane naco, koma a Spicer-Simson anakana. Pamenepa sitingawaweruze msanga, popeza maboti awo anali ang'ono ndipo mizinga ya comboco inali yaikulu. Cimene cinadabwitsa anthu n'cakuti anasiya gulu lawo kwa miyezi, n'kupita kutali mkati mwa Congo kukafuna combo cina cacikulu.

Atabwerako mu Meyi, analamulidwa kupita kumwera kukathandiza asilikali a pamtunda ocokera ku Rhodesia, otsogoleredwa ndi Lieutenant-Colonel Murray, kulanda linga la Ajeremani la Bismarckburg, pa Kasanga wa lero, pafupi ndi malire athu. Nchito yawo inali imodzi: kutseka doko kuti adani asathawire pa madzi. Kumayambiriro kwa Juni 1916 anafika, anaona mizinga italoza ku nyanja pa lingalo, ndipo anabweza maboti onse kukakoceza ku Kituta, kufupi ndi Mpulungu. Doko litatseguka, Ajeremani anakwera mabwato awo a matanga usiku n'kuthawa. A Murray atalowa m'lingamo, anapeza kuti mizinga ija inali mitengo yosemedwa. A Spicer-Simson atabwerera, anapeza mbendera ya Angelezi ikuuluka kale, ndi a Murray ali okwiya. Kucokera tsiku limenelo sanalinso munthu uja wa nkhani zambiri. Anagona pa mphasa, ndipo patapita nthawi anabwezedwa kwawo monga wodwala. Ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika.

Graf von Götzen nayo inali itacotsedwa kale mizinga yake yeniyeni, imene asilikali a pamtunda anaitenga, n'kuikidwa ya mitengo. Ndeke za Abelijamu zinaiponyera mabomba, ndipo pa 26 Julaye 1916 Ajeremani eni ake anaimiza pothawa ku Kigoma. Angelezi anaivuula mu 1924, ndipo mu 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina lakuti Liemba. Kwa zaka zambiri inali kunyamula anthu ndi katundu pakati pa Kigoma ndi Mpulungu, ndipo amalonda ambiri a kapenta ocokera m'makomboni athu anaiona pa doko osadziwa kuti ndi combo cija cimene a Spicer-Simson anakana kulimbana naco.

Sanapatsidwenso combo ca nkhondo. Koma moyo wawo sunathere pamenepo. Popeza anali kulankhula bwino Cifalansa, anagwira nchito yomasulira pa msonkhano wa mtendere ku Paris mu 1919. Mu 1921 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woyamba wa International Hydrographic Bureau ku Monaco, bungwe la maiko loyang'anira mapu a nyanja. Anakhala pa mpando umenewo mpaka 1937, zaka 16, pa nchito yopima ndi kulemba imene anaiyamba akali mnyamata. Anamwalira pa 29 Januwale 1947 ku Courtenay m'dziko la Canada, ali ndi zaka 71.

Tikaiona bwino mbiriyi, tipeza kuti a Spicer-Simson anacita bwino pamene anagwira nchito imene anali kuidziwa: kupima, kukonzekera, kumanga doko asanaike boti m'madzi. Anagwa pamene anafuna kuti ulemu wonse ukhale wawo. Anacotsa a Lee, anakangana ndi anzawo a mbali imodzi, anasiya gulu lawo, ndipo tsiku limene anafunika kuima pa doko anathawa mitengo. Wapampando aliyense, kaya wa komiti ya mphakati kapena wa kopaletivu ya alimi, angadziyese pa zimenezi.

Mabuku a nkhondo alemba dzina la mkulu wa zombo, maina a maboti, ngakhale maina a zombo za adani. Amuna amene anamanga milatho ija ndi amai amene anasenza madzi pa mapiri a Mitumba sanalembedwe maina. Cimodzimodzi a mtengatenga zikwizikwi a m'dziko lathu lino, amene anasenza cakudya ndi zipolopolo kupita ku malire a kumpoto kufikira Ajeremani atatula zida pa Abercorn pa 25 Novembala 1918. Mutu umodzi susenza denga. Maboti amene anadutsa mu Lusaka pa ngolo mu 1915 anakafika ku nyanja pa mapewa a anthu amenewa.