ORTON CHIRWA, MPHUNZITSI AMENE ANALOWA M'NYUMBA YA MALAMULO

Pa masiku ano a Jubile, pamene tirikukumbuka iwo amene anatsegula sukulu ndi kumanga nyumba za mapemphero m'mbali mwa nyanja yino, akulu a Mpingo anapempha ife aphunzitsi a m'midzi kuti tilembeko mbiri ya mphunzitsi mnzathu mmodzi amene anatumikira dziko lonse. Tasankha Bambo Orton Edgar Ching'oli Chirwa. Iwo sanali mbadwa ya kuno ku Salima, koma anakula ndi madzi a nyanja yomweyi, nayamba kuwerenga m'sukulu ya mishoni monga ifenso. Ndipo zimene zinawagwera ziri ndi phunziro kwa yense wakuimirira pamaso pa anthu, kapena m'kalasi kapena m'chalichi.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO AO

A Chirwa anabadwa pa 30 January, 1919, m'dziko la Atonga ku Nkhata Bay. Atonga ndiwo anafulumira kulandira sukulu, kuyambira pamene Dr. Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kucokera ku Cape Maclear kunka ku Bandawe m'caka ca 1881. Cotero mnyamatayo anabadwira pakati pa anthu ozolowera buku ndi sileti. Koma m'Nyasaland monse munalibe sukulu ya sekondale kufikira caka ca 1940, ndipo wofuna maphunziro apamwamba anayenera kuturuka m'dziko. A Chirwa anapita ku South Africa, nafika ku koleji ya Fort Hare, kumene ana a Afrika a maiko ambiri anali kukomana. Ndipo anabwerako ndi digiri, pa nthawi imene eni dziko okhala ndi digiri anali owerengeka pa zala.

Atabwera, anagwira nchito ya uphunzitsi ku Domasi, pafupi ndi Zomba, pa sukulu ya Boma yophunzitsa aphunzitsi. M'caka ca 1951 anakwatira Vera Chibambo, amene anakhala mnzao m'zabwino ndi m'zowawa zomwe. Tiyenera kuzindikira kulemera kwa nchito ya ku Domasi: wophunzitsa ana afikira mudzi umodzi, koma wophunzitsa aphunzitsi afikira midzi mazana, ngakhale midzi imene sanaipondepo.

KUCOKA M'KALASI

M'zaka zomwezo munadza nkhani ya Citaganya, ndiko kuphatikiza Nyasaland ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa Boma limodzi la ku Salisbury. Makolo athu anaikana, popeza ambiri anali atagwirako nchito kumeneko, naona ndi maso ao umo munthu wakuda anali kukhalira ndi citupa. Mafumu anakana, a Nyasaland African Congress anakana, a Chirwa nao analemba kukana. Koma Citaganya cinakhazikika m'caka ca 1953. Pamenepo mphunzitsiyo anaona kuti mtundu ulibe woulankhulira m'mabwalo a Azungu, kumene mlandu umapambana ndi kudziwa malamulo. Tsono anasiya coko ndi bolodi, napita ku London kukaphunzira malamulo ku Lincoln's Inn. Ndipo m'caka ca 1958 anabwera ali loya woyamba mwa eni dziko a Nyasaland.

Caka comweco, pa 6 July, Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera kudzatsogolera Congress, ndipo dziko linawira. Pa 3 March, 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analamula kuti atsogoleri agwidwe. Ku Nkhata Bay, kwao kwa a Chirwa, khamu linasonkhana pa doko pamene panaima sitima ya Mpasa yonyamula omangidwa, ndipo asilikari anaombera, nafa anthu 20. Congress inaletsedwa, Dr. Banda anatsekeredwa ku Gwelo, ndipo a Chirwa ndi akazi ao anamangidwanso.

MPANDO UMENE ANAUPEREKA

Patapita miyezi yowerengeka a Chirwa anamasulidwa, napeza anthu ali ngati ngalawa yopanda wopalasa. Pa 30 September, 1959, iwo pamodzi ndi Aleke Banda ndi ena anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo a Chirwa ndiwo anali mtsogoleri wace woyamba. Anthu analembetsa m'cipanico zikwi zikwi. Panali Azungu ena amene akadakondwa kupangana ndi loya wofatsayo ndi kuiwala wandende wa ku Gwelo. Koma a Chirwa anaumirira kuti iwo alikungosungira mpando mwini wace. Ndipo pamene Dr. Banda anaturuka pa 1 April, 1960, anapereka mpandowo osakangana.

Ici ticiyamikira, pakuti ndi ocepa amene alawa ukulu nausiya mwa kufuna kwao. Koma mbiri yoona siibisa mbali yina. Caka comweco cipani cinacita msonkhano waukuru ku Nkhotakota, kumpoto kwa ife kuno, ndipo pamenepo Dr. Banda anaikidwa mtsogoleri wa cipani wa moyo wace wonse. Atsogoleri ophunzira, a Chirwa mmodzi wa iwo, anabvomera, poganiza kuti pa nkhondo yolimbana ndi Citaganya pafunika liu limodzi lokha. Anamanga nsanja yaitali, osaikapo makwerero otsikira.

M'NYUMBA YA MALAMULO

Pa cisankho ca mu August, 1961, cipani cinatenga mipando 22 mwa mipando 28 yosankhidwa, ndipo anthu a ku Nkhata Bay anatuma a Chirwa ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Anapatsidwa nchito mu unduna wa za cilungamo, ndipo pofika tsiku la ufulu, pa 6 July, 1964, anali Nduna ya Cilungamo ndi loya wamkuru wa Boma.

Nchito yao yaikuru inali ya mabwalo a m'midzi. Kale mfumu yomweyo ndiyo inali kukhometsa msonkho, kulamula za mizere ya m'munda, ndi kuweruzanso amene anaswa malamulowo. Ndipo anthu anadandaula kuti wokugwira ndiye wokuweruza. Ndi lamulo la caka ca 1962 mabwalo anasiyanitsidwa ndi ulamuliro wa mafumu, naikidwa apampando ao. Apa tiona mtima wa mphunzitsi: anafuna kuti msodzi ndi mlimi wa thonje apeze bwalo pafupi ndi kwao, lolankhula cinenero cao, kumene mau ao adzamveka.

KUSIYANA KWA 1964

Ufulu usanathe miyezi iwiri, nduna zinasemphana ndi Dr. Banda. Zifukwa zace zinali zomveka kwa munthu wamba. Boma linaika tiki, ndiwo makobiri atatu, kuti alipire wodwala pofika ku cipatala, malipiro a eni dziko ogwira nchito m'Boma anacepetsedwa monga mwa lipoti la Skinner, maudindo akulu anakhalabe m'manja mwa Azungu, ndipo Dr. Banda anafuna ubwenzi ndi Apwitikizi amene anali kulamulirabe Mozambique. Koma pansi pa zonsezi panali cinthu cimodzi: nduna zinatopa kuyesedwa anyamata, ndi kuona zinthu zonse zirikutsimikizidwa ndi munthu mmodzi. Pa 26 August zinanena madandaulo ao pamaso pace.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma kutsinako kunayesedwa ciwembu. Pa 7 September a Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo anacotsedwa pa maudindo ao. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi ao, ndipo Masauko Chipembere anacita comweco atabwera ku Canada. Nyumba ya Malamulo inakhala pa 8 ndi 9 September, niima ndi Dr. Banda. Pasanapite nthawi a Chirwa anaona kuti moyo wao uli pangozi, nathawira ku Tanzania. Umo ndimo anathera masiku ao a m'Nyumba ya Malamulo, zaka zitatu zokha.

Anakhala kunja zaka 17. Akazi ao anaphunzira malamulo, nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino, naphunzitsa ku Lusaka. A Chirwa anayambitsa bungwe la Malawi Freedom Movement, lofuna kusintha kwa ulamuliro. M'mbuyo muno dziko linasanduka la cipani cimodzi m'caka ca 1966, ndipo m'caka ca 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wace wonse. Mabwalo a m'midzi aja anasinthidwanso: kuyambira 1969 mabwalo a miyambo anapatsidwa mphamvu ya kuweruza mirandu ya kupha munthu, ndipo pambuyo pace ya kuukira Boma yomwe, m'menemo loya sanaloledwe kuimira woimbidwa mlandu.

MLANDU NDI NDENDE

Pa 24 December, 1981, usiku wa Krisimasi, a Chirwa ndi akazi ao ndi mwana wao wamwamuna anagwidwa ku malire a Chipata ndi Mchinji. Boma linati analowa okha m'dziko ndi colinga coipa. Iwo anaumirira kufikira imfa kuti anacita kubedwa ali m'dziko la Zambia. M'caka ca 1982 anaimikidwa m'bwalo la miyambo la Cigawo ca Kumwera ku Blantyre pa mlandu wa kuukira Boma. Taonani tsono: loya woyamba wa dziko, amene anakonza mabwalo kuti munthu wamba amveke, anaima m'bwalo lopanda loya, osaloledwa kuitana mboni zimene anazifuna. Iwo ndi akazi ao anadziyankhira okha. Mu May, 1983, onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo bwalo la apilo la miyambo linabvomereza mu February, 1984.

Anthu a maiko ambiri anawapepesera. Mpingo wa ku Scotland unatuma Mbusa Andrew Doig, amene kale anali mmishoni m'dziko lino, kudzapempha cifundo. A Amnesty International anawachula andende omangidwa cifukwa ca maganizo ao. Mu June, 1984, cilango ca imfa cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Chirwa anasungidwa m'ndende ya Zomba, nthawi zambiri okha m'cipinda, ndi nthawi zina m'maunyolo. Ndipo ngakhale akazi ao anali m'ndende yomweyo, sanaonane zaka 8.

Ena a ife tinali ana a sukulu masiku amenewo. Tikumbuka kuti dzina la munthuyu silinachulidwe m'kalasi. Ndipo tikafunsa amene anayambitsa cipani, akulu anali kuyang'ana kukhomo asanayankhe. Sitiwatsutsa aphunzitsi athu, pakuti anali ndi ana oti awalere, ndipo makutu anali ponseponse. Koma tinena zoona, kuti dziko lonse linakhala cete, ndi ife a m'mipingo pamodzi.

Kukhala cete kumeneko kunasweka pa 8 March, 1992, pamene kalata ya Aepiskopi a Katolika inawerengedwa m'machalichi ao onse, yonena za omangidwa popanda mlandu ndi za mabwalo opanda cilungamo. Mu September caka comweco maloya ocokera ku Britain analoledwa kuona a Chirwa, nawapeza ofoka, osaona bwino ndi osamva bwino. Ndipo tsiku limenelo mwamuna ndi mkazi anaonana, ndiko kuonana kwao kotsiriza. Pa 20 October, 1992, a Chirwa anamwalira m'ndendemo, ali ndi zaka 73. Mai Chirwa anamasulidwa mu January, 1993. Pa 14 June caka comweco anthu anasankha kuti zipani zikhale zambiri, ndipo mabwalo aja oweruza imfa popanda loya anatha. Mphunzitsi wa ku Domasi anatsala miyezi 8 yokha kuti aone tsikulo.

CIMENE TITENGAPO

Abale, aphunzitsi ndi akatekisiti, sitinalembe izi kuti tidzutse udani wa zipani, pakuti amene anakangana masiku aja ambiri anagona. Talemba cifukwa mbiri iyi ikhudza nchito yathu. Nafenso tiri ndi timabwalo tathu. Mwana akanenezedwa kuti waba buku, timkwapula tisanamve mau ace kodi? Mkristu akaitanidwa ku bwalo la akulu a Mpingo, timlola kubwera ndi mboni yace, kapena mlandu tautha kale m'mitima mwathu? Ndipo mkulu wokondedwa akalakwa, kapena wapampando, kapena mbusa, kapena mfumu, alipo womuuza mwaulemu kukali m'mawa?

A Chirwa anacita bwino popereka mpando umene sunali wao. Iwo ndi anzao anacedwa kuona kuti ulemu wopanda malire uononga wolemekezedwayo ndi olemekeza omwe. Ndipo pamene ananena mu 1964, mphepo ya mwera inali itakula kale, ngalawa iri pakati pa nyanja. Komabe ananena, nalipira ndi zaka 17 za kucilendo ndi zaka pafupifupi 11 za m'ndende, osagula ufulu wao ndi kubvomera mlandu umene anaukana.

Cifukwa cace, pamene tirikuwerenga maina a iwo amene sukulu za mishoni zinabala m'mbali mwa nyanja yino, tisasiye dzina ili. Tiliphunzitse kwa ana athu momveka, popeza ife tinaliphunzira monong'ona. Ndipo tipemphe Mulungu kuti atipatse ife a m'kalasi ndi a m'chalichi mtima wakumva munthu tisanamweruze.