Rudolf Diesel: mlendo amene adabwera ndi kalumo kakuthwa

GOROMONZI – Kukamacha m'boma la Goromonzi, kum'mawa kwa mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe, phokoso lotsatana ndi kulira kwa tambala limakhala la injini. Mathirakitala amalowa m'minda ya fodya ndi chimanga, mapampu amayamba kukoka madzi m'madamu, ndipo malole onyamula zokolola amatsata msewu waukulu wochokera ku Mutare kulowera m'misika ya mu Harare. Ena mwa oyendetsa ndi okonza makinawa ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu. Mafuta amene amathira m'makinawa onse amangowatchula kuti dizilo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti limeneli ndi dzina la munthu.

M'magalaja a ku Ruwa ndi m'malo ena okonzera galimoto m'chigawo chino cha Africa, mkangano umodzi sutha: kodi injini yodalirika ndi ya galimoto yolumikizidwa konkuno, kapena yobwera kuchokera kunja? Mbiri ya Rudolf Diesel ikusonyeza kuti mkanganowu udayamba mwini wake akadali moyo.

Mwana wopanda kwawo

Rudolf Diesel adabadwa pa 18 Malichi 1858 mumzinda wa Paris ku France. Makolo ake, a Theodor Diesel ndi a Elise Strobel, adali ochokera ku Bavaria, kummwera kwa Germany, ndipo ku Paris adapitako kukafuna zochita monga momwe amuna a ku Nyasaland ankapitira ku Salisbury. Bambo ake ankapanga katundu wachikopa, koma malonda sankayenda bwino, choncho Rudolf ankathandiza pokankha wilibala kukapereka katunduyo kwa ogula.

M'chaka cha 1870 kudabuka nkhondo pakati pa France ndi Prussia, ndipo anthu ochokera ku Germany adalamulidwa kutuluka mu Paris. Banjali lidathawira ku London. Poona umphawi umene adaupeza kumeneko, makolowo adatumiza mwana wawo wa zaka 12 ku Augsburg kuti akakhale ndi achibale, a Christoph Barnickel, omwe adali mphunzitsi wa masamu, ndi akazi awo. Motero mnyamatayu adakula akuyankhula zinenero zitatu, koma kulikonse ankaoneka ngati wobwera.

Atakwanitsa zaka 14 adalembera makolo ake kalata yowadziwitsa kuti akufuna kudzakhala injiniya. Iwo ankafuna kuti ayambe ntchito msanga ndi kuthandiza pakhomo, koma mu 1875 iye adalandira thandizo la maphunziro n'kukalowa sukulu yaukachenjede ya zaumisiri ku Munich. Kumeneko adaphunzitsidwa ndi Carl von Linde, katswiri wa makina oziziritsa zinthu. Linde adafotokozera ophunzira ake kuti injini ya nthunzi, yomwe nthawi imeneyo inkayendetsa sitima ndi mafakitale, imangogwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu ya malasha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo yotsalayo imathera mu utsi ndi m'kutentha. Nkhaniyi idamukhala mumtima Diesel.

Matenda a taifodi adamulepheretsa kulemba mayeso mu 1879. Podikira mwayi wina adakagwira ntchito ku kampani ya Sulzer ku Winterthur m'dziko la Switzerland, ndipo mu Januwale 1880 adakhoza mayesowo mopambana. Adabwerera ku Paris kukayang'anira fakitale ya Linde yopanga ayezi, adakwatira Martha Flasche mu 1883, ndipo awiriwa adabereka ana atatu. Mu 1890 adasamukira ku Berlin.

Moto wopanda pulagi

Aliyense amene adapopapo tayala la njinga amadziwa kuti pampu imatentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo maganizo a Diesel adagona pamenepa. Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya, kenako pulagi imayatsa. Ya Diesel imakoka mpweya wokhawokha, pisitoni n'kuupanikiza mpaka kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha. Injini yotere imamwa mafuta ochepa ndipo imakoka katundu wolemera ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, koma imafuna zitsulo zochindikala zopirira kupanikizikako. N'chifukwa chake imalemera komanso kukwera mtengo.

Boma la Germany lidamupatsa chiphaso cha umwini wa lusoli mu Febuluwale 1893. Fakitale ya Maschinenfabrik Augsburg, yomwe pambuyo pake idakhala MAN, pansi pa utsogoleri wa Heinrich von Buz, pamodzi ndi kampani ya Krupp, zidavomera kulipira ntchito yoyesera. Pa 10 Ogasiti 1893 injini yoyamba itayatsidwa, chida choyezera mphamvu chidaphulika n'kumwazika. Ngoziyi idatsimikiza kuti mafuta angathe kuyaka popanda pulagi, koma padatenga zaka pafupifupi zinayi za kumasula, kusintha ndi kumanganso kuti injiniyo igwire ntchito. Pa 17 Febuluwale 1897 Pulofesa Moritz Schröter adaiyesa n'kupeza kuti ikusandutsa magawo 26 pa 100 alionse a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito, kuposa kawiri injini za nthunzi za nthawiyo.

Injini idutsa malire

Diesel sadamange ufumu wa mafakitale ake. M'malo mwake adagulitsa zilolezo kuti ena azipanga injiniyo m'mayiko mwawo. Kampani ya Mirrlees, Watson and Yaryan ya ku Glasgow idagula chilolezo mu 1897. Chaka chomwecho Adolphus Busch, mpondamatiki wofulula mowa ku St Louis, adalipira ndalama za ku Germany zokwana mamaki 1 miliyoni kuti akhale ndi ufulu wa ku America. Mu 1898 adatsatira Emanuel Nobel wa ku Russia ndi kampani ya Burmeister and Wain ya ku Copenhagen. Ali ndi zaka 40, mwana wokankha wilibala uja adali wolemera.

Koma walira mvula walira matope. Injini imene inkayenda bwino ku Augsburg m'manja mwa amisiri oipanga idayamba kuvuta itafika kwa ogula. Yoyamba kugulitsidwa, imene idaikidwa pa fakitale ya machesi ku Kempten mu 1898, inkawonongeka kawirikawiri. Zina zidabwezedwa, ndipo mbiri ya injiniyo idatsala pang'ono kuipiratu. Diesel adadwala chifukwa cha kutopa ndi nkhawa mpaka kukagonekedwa m'chipatala. Amene adaipulumutsa adali mainjiniya ndi amakaniko a m'mafakitale omwe adapitiriza kuikonza mwakachetechete.

Kumene injiniyi idamera mizu ndi kumene eni dziko adaisintha kuti igwirizane ndi zosowa zawo. Ku St Petersburg fakitale ya Nobel idaikonza mu 1899 kuti iziyendera mafuta osayenga, omwe ankapezeka ambiri ku Baku. Ku Denmark adaikuza n'kuiika m'sitima yapamadzi ya Selandia, imene mu 1912 idayenda ulendo wautali wopita ku Bangkok popanda malasha. Ku Britain nako ena sankafuna kumva dzina lachilendo, ndipo ankati ulemu uyenera kupita kwa Herbert Akroyd Stuart, mbadwa yawo, amene mu 1890 adali atapanga kale injini yoyendera mafuta olemera, ngakhale kuti yake inkadalira chitsulo chotenthetsedwa kuti iyake.

Mtedza ndi amisiri ang'onoang'ono

Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, injini ina ya mtundu wa Diesel idayendetsedwa ndi mafuta a mtedza. Boma la France ndilo lidapempha zimenezi, pofuna kuona ngati mayiko amene linkalamulira mu Africa angamayendetse makina ndi mafuta olimidwa m'minda mwawo. Diesel adachita nazo chidwi ndipo mu 1912 adakamba za tsogolo la mafuta ochokera ku mbewu pamaso pa mainjiniya anzake. Patatha zaka pafupifupi 100, mu Novembala 2007, mafuta atasowa kwambiri, dziko la Zimbabwe lidatsegula fakitale ku Mount Hampden yoti izipanga dizilo kuchokera ku msatsimanga ndi mbewu zina, koma mbewuzo sizidapezeke zokwanira ndipo ntchitoyo siidapite patali.

Mkuluyu ankafunitsitsa kuti injini yake ithandize amisiri ang'onoang'ono, omwe sakadatha kugula injini zikuluzikulu za nthunzi. Mu 1903 adasindikiza buku lotchedwa Solidarismus, lolimbikitsa ogwira ntchito kusonkha ndalama ndi kukhala eni a mafakitale awo. Bukulo silidagulidwe kwenikweni, ndipo zidamupweteka mtima. Komabe chigayo cha dizilo cha pamudzi, chimene chidapumitsa amayi ambiri pamtondo ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete, chikufanana kwambiri ndi zimene iye ankalakalaka.

Usiku wa pa Dresden

Chuma chidabwera msanga ndipo chidapitanso msanga. Adamanga nyumba yaikulu ku Munich, adaika ndalama m'malonda a malo ndi a zitsime za mafuta omwe adalowa pansi, ndipo milandu ya umwini wa luso idamudyera nthawi ndi thanzi. Pofika 1913 ngongole zidali zitamufika m'khosi, koma ankabisa.

Madzulo a pa 29 Sepitembala 1913 adakwera sitima ya Dresden pa doko la Antwerp ku Belgium, kulowera ku Harwich, pa ulendo wa ku msonkhano wa kampani ina ya injini ku London. Atadya chakudya ndi anzake adakalowa m'chipinda chake cha m'ma 10 koloko, atapempha kuti adzamudzutse m'mamawa. Kutacha bedi lidapezeka losagonedwapo, ndipo chipewa ndi jasi yake zidali pafupi ndi chitsulo chotchinga kumbuyo kwa sitima. Patatha masiku 10 oyendetsa boti lina la ku Netherlands adapeza mtembo panyanja. Adangotenga timakatundu ta m'matumba n'kuusiya mtembowo m'madzi, ndipo mwana wake Eugen adazindikira kuti timakatunduto ndi ta bambo ake. Adamwalira ali ndi zaka 55. Olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti adadzipha, ngakhale kuti mphekesera zakuti adachita kuphedwa sizidathe.

Lole imene sadaione

Diesel adamwalira asanaone lole yoyendera injini yake pamsewu. Injini za nthawi yake zinkapopera mafuta pogwiritsa ntchito mpweya wopanikizidwa ndi makina ena olemera, omwe sakadakwana m'galimoto. Vutoli lidathetsedwa ndi ena. Makampani a Benz ndi MAN adatulutsa malole oyamba a dizilo mu 1923 ndi 1924, ndipo mu 1927 kampani ya Robert Bosch idayamba kupanga mapampu a mafuta ang'onoang'ono mochuluka. Zitatero dziko lililonse lidafuna yakeyake: Cummins ku America, Perkins ku Britain kuyambira 1932, ndi Isuzu ku Japan m'zaka za m'ma 1930.

Kummwera kwa Africa nkhani ya injini yakwathu ndi yakunja idalowa ndale. Fakitale ya Willowvale ku Harare, imene kampani ya Ford idatsegula mu 1961, idadzakhala yolumikiza galimoto za pikapu za Mazda zimene zidadzaza m'mafamu a ku Mashonaland. Mabasi a AVM opangidwa mu Harare momwemo adatchuka chifukwa chopirira misewu ya kumidzi. Koma injini za mapikapuwo zinkabwera m'mabokosi kuchokera ku Japan, ndipo za mabasiwo zidali za DAF ya ku Netherlands. Ku South Africa boma latsankho, poopa kuti mayiko ena asiya kuligulitsa katundu, lidakhazikitsa fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 idayamba kupanga injini za malole ndi mathirakitala. Nazonso zinkapangidwa pa chilolezo cha Mercedes-Benz ndi Perkins, monga momwe Diesel ankachitira ndi Busch ndi Nobel. Misonkho yoiteteza itachotsedwa m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo idalephera kupikisana ndi injini zakunja. Ngakhale ku America malire ake ndi osaoneka bwino: injini ya Duramax ya m'mapikapu a General Motors idapangidwa mogwirizana ndi Isuzu.

Kwa mlimi wa ku Goromonzi, wa ku Mchinji kapena wa ku Chipata, kusiyana kwenikweni kuli pena. Injini zakale za pampu wamba zimamwa mafuta ambiri ndi kufuka utsi, koma makaniko wa pansi pa mtengo amazimasula ndi sipanala. Zatsopano, zimene zidayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zimapopera mafuta molamulidwa ndi kompyuta. Izi ndi zamphamvu komanso zosamala mafuta, koma dizilo wakuda kapena wosakaniza ndi palafini amaziwononga msanga, ndipo pozikonza pamafunika makina oyezera. Pikapu ikaima ulendo wa kumsika umalephereka. Lole yaikulu ikaima ndi fodya kapena matimati pamsana, phindu la chaka chonse limakhala pangozi.

Funso loyenera kufunsa pogula, tsono, ndi lomwe ogula a ku Kempten adaliphunzira mowawa mu 1898: injiniyi ikadwala, ndani pafupi pano angaichize, ndipo zipangizo zake zikapezeka kuti? Injini ya Diesel idabadwira ku Augsburg m'maganizo a munthu wobadwira ku Paris, ndipo kulikonse kumene idafika idakhala yakomweko pokhapokha eni dera atadziwa kuisamala.