Fabian Ware: Mphunzitsi Amene Ankalemba Mayina a Akufa

Anzanga, kale msilikali wamba akafera kunkhondo sankakhala ndi manda akeake. Pa nkhondo ya ku Waterloo mu 1815, mitembo yambirimbiri inangokwiriridwa pamodzi m'maenje, osalembapo dzina. Zipilala zinali za akazembe ankhondo basi. Munthu amene anasintha khalidwe limeneli m'mayiko olamulidwa ndi Britain poyamba sanali msilikali ayi. Anali mphunzitsi, dzina lake Fabian Ware.

Ware anabadwa pa 17 Juni 1869 ku Clifton, mumzinda wa Bristol ku England. Anaphunzira ku London ndi ku Paris, ndipo anagwira choko m'masukulu a sekondale kwa zaka pafupifupi 10. Mu 1901 anapita ku Transvaal, ku South Africa, kukathandiza kuyendetsa maphunziro. Mu 1905 anabwerera kwawo n'kukhala mkonzi wa nyuzipepala ya Morning Post mpaka 1911.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, iye anafuna kulowa usilikali, koma anamukana chifukwa cha zaka. Anali ndi zaka 45, mdala ndithu. Sanakhale pansi. Mu Seputembala chaka chomwecho anaolokera ku France akutsogolera gulu la maambulansi a bungwe la Red Cross, lotola ovulala.

Kumeneko ndi kumene anaona chinthu chimene chinamusowetsa tulo. Msilikali akafa, anzake ankamukwirira mothamanga m'munda kapena m'mphepete mwa msewu, n'kuzikapo kamtanda ka thabwa. Mvula inkafufuta dzina, bomba linkazula mtandawo, gulu lija n'kusamukira kwina. Panalibe ofesi yolemba kuti uje wagona pakuti. Kumudzi makolo ankangomva kuti mwana wawo wafa, koma manda ake osawadziwa.

Monga mphunzitsi wozolowera rejisitala, Ware anauza anyamata ake kuti paliponse pamene apeza manda azilemba dzina, nambala ya msilikaliyo ndi malo, komanso azikonza mitanda. Akuluakulu ankhondo ataona phindu lake, mu 1915 anavomereza ntchitoyi kukhala ya boma. Pofika Okutobala chaka chimenecho anali atalemba manda oposa 31,000, ndipo pofika Meyi 1916 anali 50,000. Anakambirananso ndi boma la France mpaka linapereka malo a manda amenewa kuti akhale osakhudzidwa mpaka kalekale.

Pa 21 Meyi 1917 kunakhazikitsidwa bungwe losamalira manda a kunkhondo lotchedwa Imperial War Graves Commission, ndipo Ware anakhala woyendetsa wake mpaka 1948. Bungweli linaika malamulo amene anadabwitsa anthu. Munthu aliyense akumbukiridwe ndi dzina lake. Chiliza chikhale chofanana, kaya ndi cha kazembe kaya cha msilikali wamba, cha mwana wa bwana kapena cha mwana wa mlimi. Mtembo usanyamulidwe kupita kwawo, chifukwa olemera okha ndi amene akanakwanitsa kutero.

Lamulo lomalizali linabweretsa phokoso. Tangoganizani, ife kuno munthu akafera ku Joni timasonkherana mpaka abwere adzagone kumudzi. Amayi ambiri a ku Britain nawonso analira kuti awapatse ana awo, ndipo ena anadana naye Ware kwambiri. Nkhaniyi inafika ku nyumba ya malamulo pa 4 Meyi 1920, Winston Churchill n'kuikira kumbuyo bungwelo, ndipo lamulo lija linakhala. Amene mitembo yawo sinapezeke, mayina awo anawazokota pamiyala: oposa 54,000 pa chipata cha Menin Gate ku Belgium, chimene chinatsegulidwa mu 1927, ndi oposa 72,000 pa chipilala cha Thiepval ku France mu 1932.

Mpaka apa nkhani ndi yokoma, eti? Koma nkhondo imene ija inafikanso kwathu kuno. Pa 9 Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga pakati pa asilikali a Britain ndi a Germany, ndipo ambiri mwa ogwira mfuti mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Amuna masauzande a ku Nyasaland analowa gulu la King's African Rifles, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukhala amtengatenga osenza chakudya ndi zipolopolo pamutu. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo m'njira za ku Tanganyika ndi ku Mozambique.

Lamulo la Ware lija, loti aliyense ndi dzina lake, litafika ku Africa linapunduka. Azungu anawasonkhanitsa m'manda osamalidwa bwino, aliyense ndi chiliza chake. Kwa anthu akuda ambiri, bungwe lake linagwirizana ndi atsamunda amene ankati anthu amenewa sangamvetse tanthauzo la chiliza. Manda awo anasiyidwa kuti amere tchire. M'malo mwake anamanga ziboliboli ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam zokumbukira onse pamodzi, popanda dzina ngakhale limodzi. Zonsezi zinkachitika Ware ali pampando.

Ware anamwalira mu Epulo 1949 ali ndi zaka 79, ndipo anaikidwa m'mudzi wa Amberley ku England. Chiliza chake n'chofanana ndi za asilikali aja. Bungwe lake, limene kuyambira 1960 limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, lero limasamalira chikumbutso cha anthu 1.7 miliyoni m'mayiko oposa 150.

Choonadi chinadzatuluka poyera mu Epulo 2021. Lipoti la bungwe lomweli linapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa kuno, sanakumbukiridwe ndi mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Panopa bungweli likufufuza mayina aja m'mabuku akale, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi mayina oposa 1,700 a anthu akuda ogwira ntchito za kunkhondo amene anali ataiwalidwa.

Ndiye munthuyu timutame kapena timudzudzule? Zonse ziwiri n'zomuyenera. Anaona bwino kuti ulemu wa womwalira umayambira pa dzina lake, koma maso ake sanafike kwa azigogo athu.

Mu Novembala akuluakulu akamaika nkhata pa chipilala cha asilikali ku Zomba kapena ku Lilongwe, tizikumbukira kuti mayina ambiri sali pamwala uliwonse. Ali m'mitu ya agogo kumudzi, ndipo agogowo akupita mmodzimmodzi. Pa holide ikubwerayi afunseni: m'banja mwathu ndani anapita kunkhondo, kaya ya Chiwaya, kaya yachiwiri ija ya ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma? Lembani dzina lake, mudzi, mfumu yake, ndiponso ngati anabwerako kapena ayi. Ngati m'nyumba muli mendulo kapena chithunzi, lembaninso zimenezo. Tikatsegulira tidzasonkhanitse zonse kwa aphunzitsi a mbiri yakale, sukulu yathu ikhale ndi buku la asilikali ndi amtengatenga a dera lino. Ware naye anayamba ndi kope ndi pensulo basi.