Kamuzu Banda: mwana wa ku Kasungu ndi mabwalo a milandu

Kuchokera kwa Kaluluma kumpoto mpaka ku Mtunthama kum'mawa, dzina la Kamuzu Banda silichoka pakamwa pa anthu a ku Kasungu. Amamukumbukira akaona minda ikuluikulu ya fodya imene makampani a Press Farming ndi General Farming adatsegula m'bomali, sukulu ya Kamuzu Academy imene idatsegulidwa m'chaka cha 1981, ndi nyumba yake ya Nguru-ya-Nawambe. Koma pali mbali ina ya moyo wake imene siimveka kawirikawiri pa mwambo wa pa 14 Meyi, ndiyo ya mabwalo a milandu. Pa milandu imene iye adaimbidwa, itatu ndiyo idasintha moyo wake. Pa woyamba adalangidwa asadamvedwe. Pa iwiri yotsatira adapulumuka chifukwa oweruza sadatsate zofuna za boma. Pakati pa milandu iwiriyi padadutsa zaka 30 zimene iye mwini ndiye adali boma, ndipo oweruza amene sadatsate zofuna zake sadakhalitse.

Kamuzu adabadwira kufupi ndi Mtunthama. Boma lake linkati adabadwa m'chaka cha 1906, koma olemba mbiri ambiri amati kudali cha m'ma 1898. Adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, ku Mtunthama ndi ku Chilanga. Cha m'ma 1915 adakalemba mayeso a uphunzitsi, ndipo olemba mbiri yake amasimba kuti mnyamatayo, pokhala wamfupi, adaimirira kuti aone bwino pa bolodi. Mmishonale woyang'anira mayesowo, Thomas Cullen Young, adaganiza kuti akuonera mnzake, ndipo adamutulutsa. Padalibe kufunsa, padalibe mboni. Pasadapite nthawi mnyamatayo adauyatsa ulendo wapansi wa ku Southern Rhodesia.

Ulendowo udatenga zaka zoposa 40. Adagwira ntchito pa chipatala ku Hartley, kenaka ku migodi ya ku South Africa. M'chaka cha 1925 adawolokera ku America, kumene adaphunzira ku Wilberforce ndi ku yunivesite ya Chicago, n'kumaliza za udokotala ku Meharry m'chaka cha 1937. Adaonjezera maphunziro ku Edinburgh, adachiza anthu ku Liverpool, North Shields ndi London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana. Ali ku Britain adakumananso ndi Cullen Young, ndipo m'chaka cha 1946 awiriwo adatulutsa buku la miyambo ya kuno lotchedwa Our African Way of Life. Kutamanda mwambo wa makolo kumene adayamba nthawi imeneyo kudadzakhala chida chake pa ndale.

Adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 50 adaphedwa, oposa 1,000 adatsekeredwa, ndipo Kamuzu adamutengera ku ndende ya Gwelo popanda kumuzenga mlandu. Atsamunda ankati Congress idakonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Boma la Britain lidatuma woweruza wa bwalo lalikulu la kwawo, Patrick Devlin, kudzafufuza. Devlin adamva mbali zonse, ndipo adakamvanso Kamuzu mwini. Lipoti lake la mu Julayi 1959 lidati padalibe umboni wa chiwembu chimene boma linkanena, silidapeze Kamuzu wolakwa pa nkhaniyo, ndipo lidati dziko la Nyasaland lasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Boma limene lidamutuma lidakana mbali zikuluzikulu za lipotilo, koma lidali litachita kale manyazi. Pa 1 Epulo 1960 Kamuzu adatuluka m'ndende.

Munthu wopulumuka motere akadayembekezeka kulemekeza woweruza wosaopa boma. Sizidatero. Ufulu utangobwera pa 6 Julayi 1964, mkangano udabuka pakati pa iye ndi nduna zake, ndipo mwa amene adachotsedwa mu Seputembala chaka chomwecho mudali Orton Chirwa, nduna ya zachilungamo, loya woyamba wa dziko lino komanso amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party Kamuzu ali m'ndende. Malamulo otsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, amene adavutitsa Kamuzu mwini, adabwerera. Medson Silombela, mmodzi mwa otsatira Henry Chipembere amene adaukira boma m'chaka cha 1965, atagwidwa, Kamuzu adanena poyera mlandu usadazengedwe kuti munthuyo apezeka wolakwa ndipo anyongedwa anthu akuona. Zidachitikadi choncho ku Zomba m'chaka cha 1966. Chaka chomwecho dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo padabwera lamulo lolola boma kulanda katundu wa munthu popanda mwini wake kukadandaula kukhothi.

Chimene chidasintha mabwalo kotheratu ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe. Kuyambira m'chaka cha 1968 mpaka 1970 anthu oposa 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, ndipo mphekesera zidafala zoti boma likutengako mbali. Boma linkafuna wolakwa msanga. M'chaka cha 1969 anthu asanu adazengedwa mlandu ku Bwalo Lalikulu, koma adamasulidwa chifukwa umboni udali wosakwanira. M'Nyumba ya Malamulo nduna ndi aphungu adadzudzula oweruza achizungu ndi maloya oimira oganiziridwa milandu, ndipo Kamuzu adanena kuti woweruzayo atule pansi udindo. Chaka chisadathe lamulo lidasinthidwa kuti milandu ya kupha izipita ku mabwalo a mafumu. Oweruza anayi a Bwalo Lalikulu, onse ochokera ku Britain, adasiya ntchito, kuphatikizapo mkulu wawo Peter Watkin-Williams. Pambuyo pake munthu wina, Walla Laini Kawisa, ndiye adapezeka wolakwa pa imfa za ku Chilobwe.

Dandaulo la anthu nthawi imeneyo silidali lopanda pake. Bwalo la atsamunda linkayankhula Chingerezi, malamulo ake a umboni adali achilendo, ndipo munthu wakumudzi ankadabwa kuona amene mudzi wonse ukumuloza chala akutuluka mfulu. Kamuzu adagwira dandaulo limeneli n'kulonjeza chilungamo cha makolo. Koma chimene adamanga chidasiyana ndi bwalo limene anthu a kwa Kaluluma kapena kwa Mwase amalidziwa, pamene wodandaula ndi woyankha amayankhula mosinthana, aliyense ali ndi mboni ndi ankhoswe ake, anthu onse akumva, ndipo mfumu imagamula itamva nduna zake. Kuyambira m'chaka cha 1970 padali mabwalo atatu a m'zigawo ndi limodzi la apilo pamwamba pake. Ambiri mwa oweruza adali mafumu, ndipo wowasankha ndi kuwachotsa adali nduna ya zachilungamo, udindo umene Kamuzu adausunga yekha kwa zaka zambiri. Ufumu wawo womwewo pulezidenti ankatha kuwalanda. Woimbidwa mlandu sankaloledwa loya, mboni zake zinkabwera pokhapokha bwalo litafuna, ndipo sakadatha kuchita apilo ku Bwalo Lalikulu. Boma ndilo linkasankha bwalo lotengerako mlandu. M'chaka cha 1976 mabwalowa adapatsidwanso milandu youkira boma.

Oyamba kulawa mphamvu zatsopanozi adali anthu a m'kati mwenimweni mwa boma. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa nthambi ya apolisi ofufuza za ndale, adali atatsekeretsa anthu ambiri iwo eni. M'chaka cha 1977 adaimirira pa bwalo la mafumu pa mlandu woukira boma. Mwa umboni umene bwalo lidalandira mudali makalata opanda dzina la wolemba, ndipo chifukwa chowalandirira chidali mwambi woti utsi sufuka popanda moto. Muwalo adanyongedwa, Gwede adakhala m'ndende mpaka 1993. Gwanda Chakuamba, amene adali nduna yamphamvu, adagamulidwa zaka 22 pa bwalo la mtundu womwewo. Ena, monga mlakatuli Jack Mapanje amene adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, sadaone ngakhale khomo la khothi.

Mlandu umene udamveka dziko lonse lapansi ndi wa Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Adagwidwa pa 24 Disembala 1981, iwo akuti adabedwa kuchokera kum'mawa kwa Zambia. Adawazenga mlandu woukira boma pa bwalo la mafumu la chigawo cha kumwera ku Soche, opanda loya, ndipo mboni zimene adapempha adawakaniza. Mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Bwalo la apilo lidavomereza kuti mlanduwo sudayende bwino m'mbali zingapo, komabe lidasunga chigamulocho. Maiko akunja ndi mipingo atachonderera, Kamuzu adasintha chilangocho m'chaka cha 1984 kukhala ndende moyo wonse. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993.

Mwezi womwewo wa Meyi 1983 tsoka lidagwera Kasungu. Aaron Gadama, mwana wa m'bomali amene adali nduna ya chigawo chapakati, adasowa pamodzi ndi Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani, Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Miyezi yochepa izi zisadachitike, m'Nyumba ya Malamulo mudali kudzudzula kosabisa mawu pa kuonongeka kwa ndalama za boma, ndipo nkhani ya amene adzalowe m'malo mwa Kamuzu idali ikunong'onedwa. Anayiwo adagwidwa ndi apolisi ku Zomba, ndipo mitembo yawo idapezeka m'galimoto pa msewu wa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma lidati adachita ngozi akuthawa m'dziko. Palibe bwalo, la mafumu kapena lina lililonse, limene lidafunsa kanthu. Abale adaika maliro mwa mantha, ndipo kwa zaka 11 nkhaniyi idakambidwa monong'ona basi.

Kalata ya mabishopu a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idatchula poyera kutsekera anthu popanda mlandu ndi kusowa kwa chilungamo m'mabwalo. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri, ngakhale Kasungu ndi maboma ambiri a chigawo chapakati adatsalira kwa Ngwazi. Mabwalo a mafumu a m'zigawo adaimitsidwa chaka chomwecho. Atagonja kwa Bakili Muluzi pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, Kamuzu adavomereza zotsatira ndipo adachoka mwamtendere, chinthu chimene ngakhale omudzudzula amamuyamikira nacho.

Boma latsopano lidakhazikitsa komiti yofufuza imfa za ku Mwanza motsogozedwa ndi woweruza Mtegha. Komitiyo idapeza kuti anayiwo adaphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo idali yongokonza. Mu Januwale 1995 Kamuzu adatsekeredwa m'nyumba yake ya Mudi ku Blantyre, n'kuimbidwa mlandu wokonza chiwembu chopha anthu pamodzi ndi John Tembo ndi ena. Mlanduwo udapita ku Bwalo Lalikulu pamaso pa woweruza Mackson Mkandawire ndi gulu la anthu wamba othandiza kugamula. Kamuzu adaimiridwa ndi loya wochokera ku Britain, Clive Stanbrook, ndipo chifukwa cha ukalamba ndi matenda adaloledwa kusabwera kukhothi. Apolisi adafotokoza m'mene adaphera anthuwo, koma akuluakulu awiri amene akadanena kumene lamulo lidachokera, mkulu wa apolisi Mac Kamwana ndi mlembi wa pulezidenti John Ngwiri, adali atamwalira. Mphekesera zidalipo zambiri, koma bwalo ili silidalandire utsi m'malo mwa moto. Pa 23 Disembala 1995 onse adamasulidwa, ndipo apilo ya boma idakanidwa ku bwalo la Supreme m'chaka cha 1997. Loya, kuyesa mboni ndi kukana umboni wongomva, zonse zimene Muwalo ndi banja la Chirwa adamanidwa, ndizo zidamutulutsa mfulu.

Pa 4 Januwale 1996 padatuluka uthenga m'dzina lake wopepesa kwa onse amene adazunzika mu ulamuliro wake, koma wosavomera kuti iye mwini adalamula zoipazo. Adamwalira pa 25 Novembala 1997 m'chipatala ku Johannesburg, ndipo adaikidwa ku Lilongwe.

Amene adalemba malamulo aakulu a dziko lino a 1994 adali ndi zaka zimenezi m'maganizo. Gawo 103 limati mabwalo ndi oweruza azigwira ntchito mosauzidwa ndi munthu kapena ulamuliro wina uliwonse, ndipo limaletsa kukhazikitsa bwalo lina lofanana mphamvu kapena loposa Bwalo Lalikulu. Gawoli layesedwapo. Mu Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo mu Juni chaka chomwecho boma litayesa kutumiza kutchuthi mkulu wa oweruza Andrew Nyirenda, khothi lidaletsa ndipo maloya adayenda m'misewu kumuikira kumbuyo.

Ku Kasungu kudatuluka ana awiri a m'nkhaniyi. Mmodzi adazengedwa mlandu motsata malamulo onse, adamasulidwa, ndipo ali ndi chiliza chachikulu ku likulu la dziko. Winayo, Aaron Gadama, adafa osaimbidwa mlandu uliwonse, ndipo mpaka lero palibe amene adalangidwa chifukwa cha imfa yake.