James Murray: Mphunzitsi Amene Analondola Matanthauzo a Mau

James Murray anabadwa pa 7 February 1837 m'mudzi wa Denholm, kufupi ndi Hawick, m'dziko la Scotland. Atate wace anali mmisiri wosoka zobvala, ndipo pakhomo panalibe cuma cakuti mwana aphunzire nkufika patali. Anacoka pa sukulu ali ndi zaka 14, koma sanaleke kuwerenga. Anadziphunzitsa yekha zinenero zambiri. Pofika zaka 17 anali mphunzitsi pa Hawick, ndipo ali ndi zaka 20 anamuika kukhala mkulu wa sukulu.

M'caka ca 1864 anasamukira ku London cifukwa ca kudwala kwa mkazi wace, nalowa nchito ya ukalaliki m'banki. Mkaziyo anamwalira caka cotsatira. Mu 1867 anakwatira Ada Ruthven, amene anabala naye ana 11, ndipo mu 1870 anabwerera ku uphunzitsi pa sukulu ya Mill Hill.

Masiku amenewo bungwe la Philological Society linali litayamba kale kusonkhanitsa mau onse a Cingelezi kuti alembedwe m'dikishonale imodzi yaikuru, koma nchitoyo inali itaima. Mu 1879 osindikiza mabuku a Oxford University Press anapangana ndi Murray kuti aitsogolere, poyesa kuti idzatha m'zaka 10. Iye anamanga kanyumba ka malata pabwalo la nyumba yace, naikamo mashelefu a timabowo toposa 1,000 tosungiramo mapepala. Mapepala akale anafika m'matumba, ena atanyowa, ndipo m'thumba lina anapezamo mbewa ndi ana ace.

Njira yace inali yotere. Anapempha anthu a ku Britain, ku America ndi kwina kuti awerenge mabuku akale ndi atsopano. Wowerenga akapeza liu, analilemba pa kapepala pamodzi ndi ciganizo conse m'mene liulo likupezeka, dzina la buku, tsamba ndi caka. Ana a Murray anathandiza kusanja timapepalato motsata zilembo, nalandira timakobiri. Pambuyo pace iye anayala timapepala ta liu limodzi pa thebulo, natigawa m'milu monga mwa matanthauzo ace, kuyambira tanthauzo lakale kufikira latsopano. Sanayambe ndi tanthauzo nafunafuna citsanzo. Anayamba ndi ziganizo za anthu, ndipo tanthauzo linaturuka m'menemo.

Posacedwa anaona kuti owerenga anali kukonda mau acilendo ndi kulumpha mau a masiku onse, cotero anawapempha kuti asanyoze mau wamba. Mau afupiafupi amene mwana aliyense awadziwa ndiwo anamsautsa koposa: liu lakuti do linamdyera miyezi yambiri.

Liu lakuti fill lionetsa bwino cifukwa cace. Liri m'cinenero cao zaka zoposa 1,000. M'Cingelezi cakale linali fyllan, ndipo ndi mbale wace wa full. Mwana wa sukulu auzidwa kuti fill ndiko kudzaza, ndipo ndi zoona ponena za mkazi wothira madzi mumtsuko. Koma Mngelezi anena liu lomwelo pamene mtsukowo udzala wokha ndi mvula, pomwe Cinyanja cisiyanitsa kudzaza ndi kudzala. Ponena za dzenje la pamseu, fill ndiko kufotsera; kwa dokotala wa mano ndiko kumata dzino lobooka; ponena za malo a nchito amene mwini wace wacoka, ndiko kuikapo munthu wina, kapena kulowapo. Fill in, ponena za fomu, ndiko kulemba mayankho m'mipata yosiyidwa. Mwana woonda akayamba kuona thupi, amati fill out. Ndipo m'mau akuti eat your fill liulo lasanduka dzina, kutanthauza cakudya cokwanira kukhuta. Ngakhale fulfil, kukwaniritsa lonjezo, anapangidwa polumikiza full ndi fill. Ganizo la pansi ndi limodzi, lakuti malo amene anali opanda kanthu tsopano ali ndi kanthu. Koma Cinyanja cifuna mau osiyanasiyana kuti cinene zonsezi, ndipo coonetsa liu loyenera ndi ciganizo cokha.

Nchito yotere siithamanga. Gawo loyamba linaturuka mu 1884, patapita zaka 5, ndipo linalekezera pa liu lakuti ant, ndilo nyerere. Osindikiza anadandaula ndi kucedwako ndi ndalama zomwe, namkakamiza kuti afupikitse; iye anakana kutaya zitsanzo zofunika, ndipo nthawi zina anatsala pang'ono kusiya nchito. Mu 1885 analeka uphunzitsi nasamukira ku Oxford, kumene anamanga kanyumba kena ka malata. M'nyengo yozizira anali kugwira nchito atabvala jasi. Makalata anacuruka kotero kuti a positi anaimika bokosi la makalata pakhomo pace penipeni.

Kuti nchito ifulumire anaikanso akonzi ena. Woyamba anali Henry Bradley, amene anakhala kalaliki zaka zambiri ku Sheffield, wodziphunzitsa yekha monga Murray. Ndiye anakonza mau oyamba ndi F, pamodzi ndi fill, potsata njira yomweyo.

Mu 1908 Murray analandira ulemu wa Sir. Anamwalira pa 26 July 1915 ali ndi zaka 78, akukonza mau oyamba ndi T. Dikishonaleyo inatha mu 1928, zaka 49 cipanganirane, iri ndi mau oposa 400,000, ndipo pafupifupi theka la masamba ace linakonzedwa ndi iye. Ndiyo Oxford English Dictionary.

Mphunzitsi amene alembetsa ana mndandanda wa mau, ili la Cingelezi pambali pa ilo la Cinyanja, awapatsa tanthauzo limodzi mwa ambiri. Ndipo mwana woteroyo, pomuuza kuti acite fill in pa fomu yofunsira nchito, adzasowa cocita. Murray anali mphunzitsi zaka zambiri asanakhale mkonzi, ndipo cimene anacita ndi timapepala tace cithekanso pa bolodi: liu limodzi, ziganizo zinai kapena zisanu, ndipo ana apeze okha liu la Cinyanja loyenera pa ciganizo ciri conse.