Evison Matafale: zimbale ziwiri zokha, koma mpaka lero sanazime

Ambiri mwa inu amene mumadzaza mabwalo Ma Blacks akamaimba munali musanabadwe pomwe Evison Matafale amamwalira. Nyimbo zake mumazidziwa, mwina ngakhale kuposa za oimba amene akutchuka pa TikTok sabata ino. Koma munthuyo anali ndani, ndipo ankapeka bwanji nyimbo zoti patha zaka zoposa 20 zikadali kulira m'maminibasi?

Matafale anabadwa mu 1969 ndipo kwawo kunali ku Chileka, m'boma la Blantyre. Chileka si bwalo la ndege lokha ayi. Ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, akatswiri a gitala ndi chitoliro, komanso kwa Robert Fumulani wa Likhubula River Dance Band. Matafale anali pachibale ndi banja la a Fumulani, choncho kuimba anakupeza pakhomo.

Kutchuka kunamupeza mochedwa. Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, chinatuluka ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo amene anamuimbira zida anali a Wailing Brothers. Nthawi imeneyo kunalibe YouTube. Nyimbo imayenda pa kaseti ndi pa wailesi, ndipo ikakhala yabwino mumaidziwira kumsika, pa mabenchi a ogulitsa makaseti. Watsetsereka inayenda choncho mpaka dziko lonse linamudziwa. Kenako anakhazikitsa gulu lakelake, Black Missionaries, pamodzi ndi ana a Robert Fumulani, n'kutulutsa Kuimba 2. Basi, zimbale zake zinathera pomwepo.

Nanga chinsinsi chinali pati? Choyamba, reggae yake sinali yongokopera ku Jamaica. Anali m'Rasta ndithu, koma ankaimba kwambiri m'Chichewa chomwe agogo a kumudzi angamve, ndipo mawu ake ankatuluka ngati a mlaliki. Baibulo ankalidziwa, makamaka mabuku a aneneri, ndipo ankalitenga n'kuliika pa zomwe zikuchitika lero. Ndege zitagunda nsanja za ku New York pa 11 September 2001, iye anapeka Time Mark, momwe anawerenga zochitikazo ngati chizindikiro cha nthawi. Ambiri ankamutcha mneneri.

Chachiwiri, ankakonda kufunsa m'malo moloza chala. Taonani mutu wa nyimbo ija, Olakwa Ndani. Ikukamba za umphawi ndi kuvutika kwa anthu, koma yankho akukusiyira iwe womvera. N'chifukwa chake nyimboyi siikalamba: boma lililonse likabwera, funso limakhala lomwe lija. Akanatchula dzina la nduna ya nthawi imeneyo, bwenzi lero tikufunsana kuti ameneyo anali ndani.

Chachitatu, ankatenga chinthu chaching'ono chomwe aliyense akuchiona n'kumangirapo nkhani yaikulu. Mu Yang'ana Nkhope sakuchita kukuphunzitsa za umodzi ndi mawu akuluakulu a kusukulu. Akungokuuza kuti uone nkhope ya mnzako, uzindikire wekha kuti ndinu amodzi. M'dziko lomwe mavoti ankagawikana potengera chigawo chomwe munthu akuchokera, uthengawu unali wolemera.

Zida nazo sizinkapikisana ndi mawu. Besi ndi ng'oma zimayenda modekha, kumupatsa mpata woti chilichonse chomwe wanena chimveke.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chomwe chinamuika m'mavuto si nyimbo. Mu 2001, m'nthawi ya ulamuliro wa a Bakili Muluzi, Matafale analemba kalata yodzudzula mtsogoleriyo ndi boma lake mosabisa mawu. M'nyimbo ankaphiphiritsa, koma m'kalata anatchula. Apolisi anamumanga mu November chaka chomwecho, ali wodwaladwala kale, n'kupita naye ku Lilongwe. Pa 27 November 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32. Akuluakulu a boma anati anafa ndi matenda, koma abale ake ndi anthu ambiri sanakhutire ndi yankho limeneli, ndipo mkangano wa imfa yake sunathe mpaka lero. Kumbukirani kuti apa n'kuti patangotha zaka 7 chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri, pomwe anthu ankati tsopano aliyense ali ndi ufulu wolankhula.

Gulu lake silinafe naye. Musamude Fumulani analitsogolera mpaka pomwe anamwalira mu 2007, kenako Anjiru Fumulani anatenga udindo. Dzina la zimbale sanalisinthe: anapitiriza kuwerenga kuchokera pa Kuimba 3 mpaka kudutsa Kuimba 10. Chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukamukumbukira pa phwando la nyimbo, ena ochokera kutali ndithu.

Kwa achinyamata amene mukujambula nyimbo m'masitudiyo a m'makwalalamu, nkhani ya Matafale ili ndi funso lanu. Kutulutsa nyimbo mwezi uliwonse n'kosavuta masiku ano, foni ndi bandulo basi. Koma pa nyimbo zonse zomwe mwaponya pa WhatsApp chaka chino, ndi iti yomwe mwana wobadwa lero adzaiimbe akadzakula?