MALEMU ALICK NKHATA ANATOLA NYIMBO ZIMENE TINATAYA

Ambiri a anthu amene anadzaza makomboni a mu Lusaka, monga Mandevu, Matero ndi Kanyama, anacokera kumidzi. Pobwera kudzafuna nchito anasiya kumbuyo ng'oma, kalimba ndi nyimbo za pamtondo, poganiza kuti zimenezi nzacimidzi, zosayenera munthu wa m'tauni. Mmodzi wa anthu amene anationetsa kuti tinafulumira kuzitaya ndiye malemu Alick Nkhata.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse analowa usilikali natumizidwa ku Burma. Atabwerako anagwira nchito pamodzi ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyendayenda ndi makina ojambulira nyimbo za makolo. Nchito imeneyi inawabwezera ku nyimbo za kumudzi zimene anyamata ophunzira anali atayamba kuzinyoza.

Ca m'ma 1950 analembedwa nchito ku nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Service mu Lusaka. Inali nthawi yabwino, pakuti mu 1949 kunali kutafika wailesi yosakwera mtengo, yooneka ngati poto, dzina lake Saucepan Special, imene munthu anali kugula ndi mapaundi 5. Motero mau a Bambo Nkhata analowa m'nyumba za anthu wamba. Iwo anali kutenga maimbidwe a makolo ndi kuwaika pa gitala, naimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za cikondi ndi za mayesero a moyo wa m'tauni. Munthu amene anali ndi manyazi ndi nyimbo ya agogo ake anaimva ikumveka pa wailesi, manyazi aja natha. Gulu lao la Lusaka Radio Band ndilo linadzasanduka Big Gold Six.

Zambia atalandira ufulu mu 1964, Bambo Nkhata anakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa nchito za wailesi. Mu 1974 anapuma pa nchito napita kukalima pa famu yao ku Mkushi, koma gitala sanaiiwale. Pa 19 October 1978, asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA pafupi ndi famuyo, ndipo Bambo Nkhata anaphedwa pa ciwembuco. Mseu wodutsa pa nyumba ya mphepo ya ZNBC ndi pambali pa Kalingalinga unapatsidwa dzina lao.

Akuluakulu anati mako ndi mako angacepe mwendo. Awerengi, ngati kalimba yanu yacita dzimbiri kudenga, kapena manja anu anaiwala kuluka mphasa ndi kuumba mbiya, nthawi ikalipo. Yambaninso adzukulu akuona, cifukwa luso lopanda wolilandira limapita nalo kumanda mwini wake.